Kudziveka furisode pa mwambo wa Seijin no Hi: yankho kwa mtsikana wa ku Nagoya

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa kwathu ku Malawi amene akuphunzira ku Nagoya, m'dziko la Japan. Iye akwanitsa zaka 20 chaka chino, ndipo mayi a banja limene akukhalamo amulonjeza kuti amubwereka furisode (mtundu wa kimono, chovala cha chikhalidwe cha ku Japan) imene mwana wawo anavala pa mwambo wa Seijin no Hi, tsiku lokondwerera achinyamata amene afika pa msinkhu wa munthu wamkulu. Funso lake ndi lakuti, m'miyezi inayi imene yatsala kuti Januwale afike, kodi angathe kuphunzira kudziveka yekha chovalachi kuti asalipire akatswiri oveka?

Achemwali, mbali yaikulu ya ntchitoyi mungathe kuiphunzira, ndipo ndikukulimbikitsani ndi mtima wonse kuti mutero, koma lamba wamkulu uja wotchedwa obi musadzamange nokha pa tsikulo. Furisode ndi kimono yapamwamba kwambiri ya mkazi wosakwatiwa, ndipo manja ake amalendewera pafupifupi mita yathunthu. Obi wake, wa mtundu wa fukuro, amapitirira mamita anayi, ndi wolemera, ndipo amapindidwa makwinyamakwinya n'kumangidwa pamwamba pa msana, pamene maso anu saona ndipo manja anu safika bwino. Mfundo yotchuka ya fukura-suzume, imene imaoneka ngati mpheta yofufumitsa nthenga m'nyengo yozizira, imafuna munthu woima kumbuyo kwanu. Alipo amene amamangira obi kutsogolo kenako n'kumuzunguliza kumbuyo, koma ndi nsalu yolemera chotere kolala imene mwaivutikira imasokonekera. Ngakhale amayi achijapani amene amavala kimono kawirikawiri amavekedwa ndi anzawo chikakhala chovala cha mtundu umenewu, choncho palibe chochititsa manyazi.

Nkhani ya wokumangirani obi muikonze tsopano lino. Tsiku la Seijin no Hi linakhazikitsidwa kukhala la tchuthi m'dziko lonse mu 1948, ndipo kuyambira 2000 limakhala Lolemba lachiwiri la Januwale. Ngakhale kuti mu Epulo 2022 lamulo linatsitsa msinkhu wa munthu wamkulu kufika pa zaka 18, mizinda yambiri ikuitanabe a zaka 20, kuphatikizapo alendo olembetsedwa mumzindamo ngati inu. Motero atsikana onse amavekedwa nthawi imodzi, ena tambala asanalire, ndipo malo kwa oveka amadzaza kukali miyezi yambiri. Yambani mwafunsa mayi akubwerekaniwo, chifukwa n'kutheka kuti iwo eni kapena mnzawo wina amadziwa kumanga, ndipo nyumba zambiri zokonzera tsitsi zimavekanso kimono.

Musanaphunzire chilichonse, yesani chovalacho sabata ino. Kimono imasokedwa kuchokera ku zidutswa zowongoka za nsalu yopapatiza, ndipo imene mwabwerekayo inasokedwa pa muyeso wa munthu wina. Kutalika kwake kuyenera kuyandikira kutalika kwa thupi lanu, kuti patsale nsalu yopinda m'chiuno imene amati ohashori. Muyesenso kuchokera pakati pa khosi kumbuyo kufika pa mfundo ya dzanja, ndiponso muone ngati mbali zakutsogolo zikuphimbana mokwanira m'chiuno, pakuti ambiri a ife tili ndi matupi odzadza kuposa amene zovalazi zimasokeredwa. Telala wa kimono angathe kuwonjezera pang'ono, koma amafuna nthawi komanso chilolezo cha mwini chovala.

Pophunzira, musayambire pa silika wa eni ake. Yambani ndi yukata, kimono yopepuka ya thonje, mpaka manja anu azolowere kulinganiza mpendero wa pansi, kumanga chingwe cha m'chiuno chotchedwa koshihimo, ndi kusalaza ohashori. Pamenepa ndi pamene muyenera kukhomereza m'mutu lamulo limene silikhululukidwa: mbali ya kumanja ndiyo imayamba kukhudza thupi, ndipo ya kumanzere imabwera pamwamba pake. Kavalidwe kameneka kanalamulidwa kalekale, m'chaka cha 719, ndipo kosemphana nako ndi kovekera maliro. Galasi limasokoneza, choncho dziyeseni motere: dzanja lanu lamanja likalowa mosavuta pachifuwa pakati pa nsalu ziwirizo, ndiye kuti mwavala bwino.

Mukazolowera yukata, pitani ku zovala zam'kati, ndipo pano ndi pamene ndikufuna kuti muthere nthawi yanu yambiri. Masokosi oyera ogawanika pa chala chachikulu, otchedwa tabi, amavalidwa poyamba penipeni, chifukwa mukamangidwa simuthanso kuwerama. Kenako pamabwera chovala chopyapyala cha pakhungu, ndi matawulo amene amakulungidwa m'chiuno ndi pachifuwa kuti thupi liwongoke ngati nsungwi. Atsikana ambiri amakana matawulowa poopa kuoneka onenepa, komatu popanda iwo obi amamira m'chiuno n'kuchita makwinya, ndipo zingwe zimaluma. Pamwamba pake pamabwera nagajuban, mkanjo wam'kati umene kolala yake imaonekera pakhosi. Mphunzitsi wanga ankandivulitsa mkanjo umenewu kangapo pa phunziro limodzi, ndipo poyamba ndinkakhumudwa, mpaka ndinazindikira kuti kimono imangotsatira chimene nagajuban yachita. Kolala yake imakokeredwa kumbuyo kuti pakati pa iyo ndi khosi pakhale mpata wokwana chibakera, pamene kutsogolo, kwa mtsikana wa msinkhu wanu, imatsekedwa pafupi ndi kholingo. Muonetsetsenso kuti nagajuban imene mwapatsidwa ili ndi manja aatali ofanana ndi a furisode.

Za zingwe ndikuchenjezani chifukwa zinandichitikira. Ulendo woyamba kuvala kimono tsiku lonse ndinamanga zonse molimba poopa kuti ingavuke, ndipo pofika masana ndinali ndi chizungulire. Chingwe cha m'chiuno ndicho chimanyamula kulemera kwa chovala, ndipo chokhacho chiyenera kulimba. Za pachifuwa muzimanga mutakoka mpweya wambiri, kuti mukaupuma patsale mpata.

M'mwezi womaliza, valani furisode yeniyeniyo kawiri kapena katatu pamodzi ndi wokumangiraniyo, ndipo muyeserere kukhala nayo. Pokwera masitepe mumanyamula manja onse awiri a chovalacho pa mkono umodzi kuti asakwekwereze pansi. Pokhala pampando simutsamira, kuopa kuphwanya mfundo ya obi, ndipo m'galimoto mumayamba kukhala kenako n'kulowetsa miyendo. Nsapato za zori muziyende nazo m'nyumba masiku angapo kuti zingwe zake zifewe. Tsitsi limakonzedwa musanavale, ndipo zokongoletsa za maluwa zimakhala bwino ndithu pa tsitsi lathu, loluka kapena lachibadwa.

Mwambo ukatha, musapinde chovalacho usiku womwewo. Chipachikeni pa mthunzi m'nyumba kuti thukuta liume, muyang'ane m'mphepete mwa manja ndi mpendero ngati mwagwera matope, ndipo banga lililonse musalipukute ndi madzi, koma muwauze mayiwo kuti lipite kwa otsuka kimono. Kapindidwe kake kali ndi dongosolo lake, ndipo ndi bwino kuwapempha kuti akuonetseni mutakhala nawo pansi, musanachibwezere m'pepala lake losungira.