Bwanji Thanzi amaikamo shuga ndi mchere limodzi?

FUNSO: Zikomo akonzi. Mwana wanga akatsegula m'mimba kuchipatala amatipatsa Thanzi ORS koma iye amakana ati ukumveka mchere. Kodi sindingangomupatsa madzi a shuga kapena softi, si zonse ndi madzi basi? Mayi wa ku Ndirande.

YANKHO: Ayi mayi, chonde musatero, kamchere komwe mwana akudana nakoko ndi kamene kakugwira ntchito.

Matumbo athu mkatimu ndi maselo okhaokha, ndipo selo iliyonse inakutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka mafuta, asayansi amati membrane. Mpweya ngati oxygen umangodutsa wokha kuchoka komwe wachuluka kupita komwe wachepa, koma mchere ndi shuga sizingaboole mafutawo, zimafuna khomo. Ndiye m'matumbo aang'ono muli khomo lina lamakani zedi lotchedwa SGLT1, silitseguka mpaka sodium wa mumchere afike pamodzi ndi glucose, womwe ndi mtundu wa shuga, ma sodium awiri pa glucose mmodzi, wina akabwera yekha amangobwerera. Kumbali inayo selo imapopa sodium uja kupita kumagazi, atatu kunja, potassium (mchere wa mtundu wina) awiri mkati, ndipo apapa imawononga mphamvu ndithu, n'cholinga choti mkatimo sodium azikhala wochepa kuti wina azilowabe.

Madzi sachita kuwaitana, amangotsatira komwe mchere ndi shuga zachuluka, ndiyo osmosis munkaloweza kusukulu ija. Mukawaza mchere pa kabichi woduladula mumaona pansi pa mbale patuluka madzi eti? Ndi zomwezo. Pa softi ndiye zimatembenuka, shuga amakhala wambiri mchere wochepa zedi, shuga wotsala m'matumbo uja amakoka madzi kuchokera m'thupi ndipo mwana amatsegula kuposa poyamba.

Chosangalatsa n'choti ngakhale pa kolera, pomwe poizoni wa kachiromboka amachititsa maselo kukhuthula madzi, khomo lija limagwirabe ntchito. Wasayansi wina, Robert Crane, anafotokoza za khomoli mu 1960, kenako mu 1971 dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, madiripi atamuthera pa msasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, anangoyamba kumwetsa odwala madzi a shuga ndi mchere, imfa zinatsika kuchoka pa 30 mwa 100 aliwonse kufika pochepera 4.

Ndiye sungunulani paketi yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira, osawonjezera shuga kuti akome ayi. Mumwetseni ndi supuni pang'onopang'ono, akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambanso, otsala akatha maola 24 tayani. Zinc amene anakupatsani amalize, ndipo ngati akuyamwa musamusiyitse. Koma mukaona maso alowa, wafooka kapena akulephera kumwa, m'berekeni muthamange naye kuchipatala ngakhale usiku.