Yankho kwa amalume pa nkhani ya mbuzi zoyamba kuwetedwa

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulu pano. Ndati ndingolankhula, kulemba kungatalike. Mukamva phokoso ndi mvula pamalata, mukuidziwa ya kuno ku Mzuzu.

Mwafunsa kuti anthu ofukula zakale aja akatola fupa pansi, amadziwa bwanji kuti iyi inali mbuzi ya m'khola osati ya m'tchire, poti fupa ndi fupa basi. Mwafunsa bwino zedi, chifukwa iwonso nkhaniyi inawasautsa zaka zambiri. Poyamba ankangoyeza kukula kwa mafupa, amvekere nyama yoweta imakhala yocheperako thupi, nyanga zakenso zimasintha. Zimachitikadi, koma zimatenga mibadwo yambiri kuti zioneke. Mbuzi zoyamba kusungidwa ndi anthu zinali chimodzimodzi ndi zinzake za m'mapiri.

Tsono yankho lenileni lili m'khola mwanu momwemo, amalume. Mukafuna ndalama ya feteleza kapena ndiwo ya pa Khirisimasi mumagwira iti? Si katonde kakang'ono kaja? Mkota simuukhudza, chifukwa ndi umene ukuswa. Tonde mmodzi akwanira khola lonse. Mlenje saganiza choncho ayi, iye amafuna yaikulu, yanyama yambiri. Ndiye mulu wa mafupa wosiya mlenje ndi wosiya woweta sufanana.

Ku Iran, m'mapiri a Zagros, kuli malo otchedwa Ganj Dareh, mudzi wa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Mayi wina katswiri, Melinda Zeder, ndi mnzake Brian Hesse anaunikanso mafupa a mbuzi a kumeneko, zotsatira zake n'kutuluka mu 2000. Fupa la tonde limakhala lalikulu kuposa la yaikazi, ndiye anawalekanitsa. Msinkhu amaudziwira kunsonga kwa fupa: mwa kamwana nsongayo imakhala isanalumikizane ndi fupa lonse, imagwirana nyama ikakhwima. Manonso amanena, mmene aperesekera. Anapeza kuti atonde ambiri ankaphedwa asanakwane zaka ziwiri, pamene zazikazi zinkasiyidwa mpaka kukula. Amenewo ndi maganizo a munthu woweta, akuonekera m'mafupa. Ndipo chimene chimandigwira mtima ine, pa zidina zina za nyumba za m'mudzimo pali mapazi a mbuzi. Munthu anaumba zidina zake, n'kuziyanika, mbuzi n'kudzaponda dothi lisanaume. Mbuzi ya m'tchire siyendayenda pabwalo la munthu chonchi.

Zaka amawerengera ndi carbon 14, imene ili m'fupa ndi m'makala. Chamoyo chikafa imayamba kuchepa, theka lake limatha pa zaka 5,730, ndiye akayeza yotsalayo amadziwa nthawi.

Koma woyamba si mbuzi, ndi galu, anthu asanayambe n'komwe kulima. Ku Germany, pa Bonn-Oberkassel, anapeza galu wamng'ono ataikidwa m'manda amodzi ndi bambo ndi mayi, zaka pafupifupi 14,000 zapitazo. Mano ake akusonyeza kuti anadwala kwambiri ali kamwana, matenda oti sakanakhalitsa popanda womusamala. Galu wodwala sasaka, salondera, koma anthu aja anamudyetsabe.

Mwafunsanso za ng'ombe zathu zalinunda. Ng'ombe zonse kholo lake ndi chilombo china chachikulu chotchedwa aurochs, chomaliza chinafa ku Poland mu 1627. Anthu anachiweta m'malo osiyana. Zopanda linunda zinayambira dera la Turkey ndi Syria, zaka zoposa 10,000 zapitazo. Zalinunda zinayambira kuchigwa cha Indus, ku Pakistan wa lero, pambuyo pake, ndipo zitafika mu Africa zinasakanikirana ndi zimene zinalipo kale. Mbuzi ndi nkhosa nazo n'zobwera, nkhuku inachokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Zimene Africa inaweta yokha ndi bulu ndi nkhanga.

Nanga kwathu kuno? Pafupi pomwepa, kuphiri la Hora ku Mzimba, afukula mafupa a anthu a zaka zoposa 8,000, enanso akale kuposa apo. Ku Fingira, pa Nyika, nakonso anafukula. Anthu amenewo, amene agogo ankawatchula kuti Akafula, ankasaka ndi kutola zakutchire, ndipo mafupa a nyama amene anasiya m'mapanga mwawo ndi a nyama za m'tchire. Ziweto zinafika mochedwa, zaka zosapitirira 2,000 zapitazo, limodzi ndi alimi osula zitsulo ndi oumba miphika. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ndi imene sitinaifufuze mokwanira, chifukwa fupa lonena nthawi imene ng'ombe inalowa m'Mzimba likhoza kukhala m'munda mwa munthu wamba.

N'chifukwa chake ndikupempheni, amalume, ndi nonse muli pagulu pano. Mukamakumba maziko kapena dothi la njerwa, mukapeza mapale akale, phulusa ndi mafupa zili pamodzi, musazisunthe, musazitsukenso. Fupa likachoka pamene linagona, zambiri zimene likananena zimatayika. Jambulani ndi foni, ikani chizindikiro pamalopo, munditumizire, ine ndikaonetsa a ku museum ya kuno ku Mzuzu. Apatseni moni azakhali, ndiimba Loweruka.