Mwana wanga anaweruzidwa ataledzera: kodi ntchito ya zachipatala yamutsekekera?

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 21, anakhoza bwino MSCE ndipo akufuna kudzakhala clinical officer. Chaka chatha anamwa kachasu pamsika, anavulaza mnzake, ndipo apolisi anamupeza ndi chamba m'thumba. Khoti linamulipiritsa chindapusa, moti tinagulitsa matumba a soya. Iye akuti sakumbukira kalikonse ka usikuwo. Kodi mlandu wa munthu woledzera umawerengedwa, nanga sukulu ingamulandire? Ndine mayi wodandaula, Santhe, Kasungu.

YANKHO: Mayi, pepani ndi mtolo umene mwasenzawu. Ndiyambe ndi mbali yowawa. M'malamulo a milandu a dziko lino, kuledzera si chodzitetezera kwa munthu amene wamwa mwa kufuna kwake. Khoti limaona mosiyana makamaka ngati wina anamumwetsa mwachinyengo, kapena ngati mowawo unamusokoneza mutu kufika pa misala. Choncho mawu oti "sindikukumbukira" safafaniza chigamulo. Za chamba, ambiri akusokonezeka ndi lamulo la 2020, koma lamulolo linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso basi. Ndudu ya m'thumba idakali mlandu.

Komabe, kwa ine, chindapusa chimodzi sichitanthauza kuti zonse zatha. Zipata zilipo ziwiri. Choyamba ndi sukulu, monga Malawi College of Health Sciences, ndipo chachiwiri ndi Medical Council of Malawi, bungwe limene limalembetsa madokotala ndi ma clinical officer asanayambe kugwira odwala, komanso limene lili ndi mphamvu yolanga amene khalidwe lawo laipa.

Chimene akuluakulu a zachipatala amaopa kwenikweni si ndewu ya chaka chathayo, koma ngati munthuyo akadali kapolo wa zoledzeretsa. Taganizirani, mayi, chipatala chaching'ono chakumudzi usiku, mayi woyembekezera akutaya magazi, ndipo clinical officer ali yekha, makiyi a kabati yosungiramo pethidine, mankhwala amphamvu oletsa ululu amene ena amaledzera nawo, ali m'thumba mwake. Manja onjenjemera ndi matsire sangalase mtsempha pamenepo. Ndiye funso limene muyenera kudzifunsa mosanyengerera ndi lakuti kodi mwanayu analekadi, kapena wangoleka kumwa pamaso panu.

Ngati akuvutikabe, apite kaye kwa namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma, kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Lilongwe, ndipo asunge mapepala a chithandizocho, chifukwa adzamuchitira umboni. Akatengenso kukhoti chikalata cha chigamulo kuti adziwe bwino mlandu umene unalembedwa.

Fomu iliyonse ikafunsa ngati anaweruzidwapo, avomere, ndipo afotokoze mwachidule. Apolisi amasunga zidindo za zala, ndipo bodza lodziwika ali m'chaka chachitatu lingamuchotsetse sukulu fizi itapita kale. Asanalipire ndalama ya fomu, alembere yekha kalata ku Medical Council, osati inu, kufunsa mmene bungwelo limaonera mlandu ngati wakewu.