Kodi kugawana maudindo potengera mtundu ku Burundi si tsankho lomwelo?

Mayi wina amene amaphunzitsa ku Dowa wandilembera imelo. Akuti mnzawo wa ku Burundi, wokhala ku msasa wa Dzaleka, anawauza kuti kwawoko malamulo amachita kutchula chiwerengero cha Ahutu ndi Atutsi oyenera kukhala m'nyumba ya malamulo, m'nduna ndi ku usilikali. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi kumeneku si kulemba tsankho m'malamulo? Bwanji osangotengera a ku Rwanda amene analetseratu zotchulana mitundu?"

Mayi, mnzanuyo sananame. Ndipo ndikudziwa kuti khutu la Mmalawi likamva zimenezi limakumbukira kota ija tinkakanganirana posankha ana opita ku yunivesite. Koma ya ku Burundi inabadwira pamaliro, choncho tiyambire pamaliropo.

Ahutu ndi Atutsi amayankhula chinenero chimodzi, Chirundi, ndipo amalima mapiri omwewo. Kawirikawiri amati Ahutu ndi pafupifupi 85 pa anthu 100 alionse, Atutsi 14, Atwa mmodzi. Komabe kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mfuti ndi boma zinali m'manja mwa kagulu ka asilikali Achitutsi, ndipo mu 1972, Michel Micombero akulamulira, Ahutu ophunzira anasakidwa ndi kuphedwa miyandamiyanda. Mu Juni 1993, mwezi womwewo ife tinkachita riferendamu ya zipani zambiri, Arundi anavota. Melchior Ndadaye, Mhutu wa chipani cha FRODEBU, anagonjetsa Pierre Buyoya, msilikali Wachitutsi amene ankalamulira dzikolo, ndi mavoti pafupifupi 65 pa 100 alionse. Chisankho chinayenda bwino, Buyoya anavomera. Ndadaye anayesetsa kufatsa, mpaka anasankha mayi Wachitutsi, Sylvie Kinigi, kukhala nduna yaikulu. Pa 21 Okutobala chaka chomwecho asilikali anamupha. Ahutu m'midzi anabwezera pa Atutsi oyandikana nawo, asilikali nawo n'kubwezera pa Ahutu, ndipo nkhondo imene inatsatira inapha anthu pafupifupi 300,000.

Chinalakwika sichinali kuvota. Ndadaye anapatsidwa nyumba, makiyi n'kukhala m'thumba la wina. Atutsi ambiri ankaona kuti ngati voti ikutsata mtundu, iwo sadzapambananso mpaka kalekale, ndipo chowatchinjiriza chokha ndi gulu la asilikali. Ahutu ankaona kuti ngakhale apambane kangati, mfuti idzawalanda. Aliyense mantha ake anali ndi manda owachitira umboni. Pamenepo kuuza anthu kuti "tonse ndife Arundi, iwalani mitundu" n'kutaya malovu, makamaka poti mawu omwewo ndi amene maboma a asilikali ankabisalamo pamene maudindo onse anali mbali imodzi.

Zokambirana zamtendere za ku Arusha, ku Tanzania, anaziyambitsa Julius Nyerere, ndipo atamwalira mu 1999 anazitenga Nelson Mandela. Mgwirizano unasainidwa pa 28 Ogasiti 2000, koma magulu akuluakulu a zigawenga Zachihutu, CNDD-FDD ndi FNL, sanasaine nawo. Panafunika asilikali a ku South Africa odzalondera andale obwerera kwawo, komanso boma logwirizira limene Buyoya analitsogolera miyezi 18 kenako n'kusiyira Mhutu, Domitien Ndayizeye. CNDD-FDD inatula zida itagwirizana ndi boma mu 2003, ndipo FNL ya Agathon Rwasa inachedwa mpaka 2009.

Malamulo oyendetsera dziko a 2005 ndi amene mnzanuyo amanena. M'nyumba ya malamulo mipando 60 pa 100 iliyonse ndi ya Ahutu, 40 ya Atutsi, kuphatikizapo mipando itatu ya Atwa. Ku Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, n'theka ndi theka. Ku usilikali mtundu umodzi usapitirire theka. Muona kuti Atutsi analandira zoposa kuchuluka kwawo, ndipo umenewo ndiwo unali mtengo wogulira kuti alole zigawenga za dzulo kulowa m'gulu la nkhondo.

Koma mfundo imene ine ndimaiona yanzeru kuposa zonsezi ndi yaing'ono, yosatchuka. Pa mndandanda wa ofuna uphungu umene chipani chimapereka, mwa mayina atatu otsatizana, sipayenera kukhala oposa awiri a mtundu umodzi. Ndiye kuti chipani cha zigawenga Zachihutu chinayenera kukasaka Atutsi oti aziimira, ndipo zipani Zachitutsi zinayenera kusaka Ahutu. Wandale amene mnzake wa pamndandanda ndi Mtutsi sangakwere pansanja n'kumatukwana Atutsi. Ku Bosnia mgwirizano wa Dayton wa 1995 unagawa upulezidenti pakati pa mitundu itatu popanda chokakamiza zipani kusakanikirana, ndipo mpaka lero zipani zamphamvu kumeneko ndi za mitundu. Khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula mu 2009 kuti dongosololo limasala anthu a mitundu ina yaing'ono monga Myuda ndi Mromani, amene sangapikisane nawo pa mpando wapamwambawo.

Nanga zinathandiza? Taonani za 2015. Pierre Nkurunziza, mtsogoleri wa CNDD-FDD amene aphungu anamusankha kukhala pulezidenti mu 2005, anafuna kuimanso kachitatu ponena kuti ulendo woyambawo sunali wosankhidwa ndi anthu. Chaka cham'mbuyo mwake anayesa kusintha malamulo m'nyumba ya malamulo, n'kulephera ndi voti imodzi yokha. Atalengeza zoimanso mu Epulo 2015, anthu anatuluka m'misewu ya Bujumbura, Ahutu ndi Atutsi pamodzi. Amene anatsogolera zofuna kulanda boma mu Meyi, Godefroid Niyombare, anali Mhutu mnzake amene anali naye kutchire. Akuluakulu ena aboma anayesa kusonkhezera moto wa mitundu, koma sunayake ngati wa 1993. Anthu anaphedwa, ambiri anazunzidwa ndi apolisi komanso achinyamata achipani otchedwa Imbonerakure, ndipo oposa 400,000 anathawa m'dzikomo. Umenewo unali mkangano wa chipani cholamula ndi otsutsa, osati wa mtundu ndi mtundu.

Apa mpamene ndimasiyana ndi amene amayamikira Arusha mopitirira. Kugawana mipando kunachiza mantha a mitundu, koma sikunamange manja a chipani chimodzi. Chipani chikakula chimangopeza Atutsi ake omvera, chiwerengero n'kukwana papepala, mphamvu zenizeni zili ndi akazembe ochepa amene anachokera kutchire. Malamulo atsopano oyendetsera dziko a 2018 anatalikitsa nthawi ya pulezidenti kufika zaka 7, anachotsa mmodzi mwa achiwiri ake awiri, ndiponso anachepetsa mavoti ofunika pokhazikitsa malamulo wamba, amene poyamba anali magawo awiri mwa atatu. Chotchinga chimene ochepa ankadalira chinali chomwecho.

Za ku Rwanda musaiwale mmene zinathera. Kumeneko anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100 mu 1994, ndipo nkhondo sinathere patebulo, gulu lankhondo la RPF, lotsogoleredwa ndi Atutsi, linapambana ndi mfuti. Wopambana amalemba malamulo yekha. Anachotsa mtundu pa ziphaso, zimene zinali zoyenera poti ziphasozo ndi zimene opha anthu ankayang'ana pa marodibuloko. Dzikolo lili ndi bata ndipo latukuka, palibe angakane. Koma lamulo loletsa kugawanitsa anthu lagwiritsidwanso ntchito potseka pakamwa otsutsa, monga Victoire Ingabire amene anamangidwa atabwerera kwawo mu 2010, ndipo Paul Kagame anapambana chisankho cha 2024 ndi mavoti oposa 99 pa 100. Pamene kutchula mtundu kuli mlandu, palibe angawerenge poyera kuti maudindo ali ndi ndani.

Ku Burundi kunalibe wopambana woti n'kulamula anthu kuiwala, ndiye njira ya ku Rwanda sinali pamsika n'komwe. Mutandifunsa ngati kota yotereyi iyenera kukhalapo mpaka muyaya, ndingati ayi, koma yomaliza kuchotsedwa ikhale ya ku usilikali. Malamulo a 2018 anapatsa Senate ntchito younika ngati kugawanaku kupitirire. Vuto langa ndi lakuti ounikawo ndi a chipani chomwecho chimene chingapindule kotayo itachoka.