Kodi Mwana Awerengeredwe Nthano za Mdyerekezi wa ku Latvia?

Mayi wina wa ku Peterborough wandilembera imelo kufunsa ngati n'koyenera kuwerengera mwana wake wa zaka zisanu buku la zithunzi la nthano za ku Latvia ku Ulaya, limene mnansi wake wochokera kumeneko anam'patsa, popeza muli mdyerekezi wa nyanga ndi mchira.

Funso lanuli landilasa mtima, Mayi, chifukwa ndinakulira pakhomo pamene nthano zinaletsedwa. Agogo ankatisonkhanitsa madzulo tikatha kudya, iwo n'kuyamba kuti "Padangotero," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," mpaka pamene azakhali, atalowa mpingo wina, anagamula kuti nyama zolankhula ndi mizimu ya kudambo n'zachikunja. Agogo sanatsutse, anangoleka. Lero ana anga akandipempha nthano ndimakumbukira chiyambi ndi kanyimbo kapakati, koma mathero anapita nawo kumanda agogowo.

Anthu a ku Latvia, amene sakwana n'komwe mamiliyoni awiri, sanalole zoterezi. Mphunzitsi wina, Ansis Lerhis-Puškaitis, anayamba kusindikiza nthano zimene anthu akumidzi ankamutumizira mu 1891, ndipo pambuyo pake Pēteris Šmits anatulutsa mabuku 15 a nthanozi pakati pa 1925 ndi 1937. Mabuku a ana amene ali m'masitolo a ku Riga, likulu la dzikolo, lero amatunga pachitsime chimenecho, ndipo ojambula ngati Margarita Stāraste, amene anabadwa mu 1914 n'kumwalira mu 2014, anakometsera mabuku a ana a mibadwo ingapo.

Mdyerekezi wa m'nthanozi, amene iwo amamutcha Velns, si wa m'maulaliki ayi. Ndi chimphona champhamvu koma chopepera, chokhala m'madambo, chimene kamnyamata koweta ng'ombe kamachipusitsa monga Kalulu apusitsira Fisi. Amasenza chimwala usiku kuti atseke mtsinje, tambala akangolira amachiponya pansi n'kuthawa. Osimba nthanozi anali alimi osauka amene kwa zaka mazana ambiri ankalimira eni minda achijeremani, ndipo nthawi zina Velns amaoneka atavala ngati bwana wa mundawo. Choncho mwana womva nthano yotere amaphunzira kuseka wopondereza anzake.

Kunena zoona, chimene chimandikwiyitsa m'mabuku a zithunzi a masiku ano si nyanga, koma kufewetsa nkhani. Pali nthano ya mmene nyama zinakumbira mtsinje wa Daugava: mbalame ina yachikasu inakana kugwira nawo ntchito poopa kudetsa nthenga zake, ndipo chilango chake n'chakuti mpaka lero imamwa madzi a pamasamba okha, n'chifukwa chake imalirira mvula. Wolemba amene angaikhululukire mbalameyo patsamba lomaliza kuti ana asamve chisoni ndiye kuti waipha nthanoyo. Ana sachita mantha ndi chilango choyenera. Amene amachita mantha ndife akuluakulu.

Yankho langa

Muwerengereni. Yambani mwaliwerenga nokha bukulo, ndipo chithunzi china chikaoneka choopsa kwambiri kwa mwana wa msinkhu umenewo, werengani tsambalo masana osati pogona. Mufunsenso mnansi wanuyo mmene agogo ake ankaithera nthanoyo, chifukwa mwina mathero a m'bukumo ndi osinthidwa.