DT 125 yagona zaka: musayambire pa pisitoni

Kalata ya sabata ino yachokera ku Bembeke. M'bale wathu akuti malemu bambo ake, omwe anali alangizi a zaulimi, anamusiyira njinga yamoto ya Yamaha DT 125 imene yakhala zaka zingapo m'chipinda chosungira mbatatesi. Akaponda kiki injini ikuzungulira koma siikulira. Akukumbuka kuti isanayimikidwe inkafuka utsi wambiri, inkafooka pa chitunda, ndipo nthawi zina inkakuwa yokha munthu atasiya kale kukoka moto. Mnyamata wokonza njinga za kabaza pamsika wamuuza kuti angogula pisitoni ndi maling'i, nkhani ithe. Ndiye akufunsa ngati angathe kuiphwasula ndi kuimanganso yekha pakhomo, komanso kuti ayambire pati.

Mungathe, achimwene, mbali yaikulu ya ntchitoyi. Koma ndalama ya pisitoniyo iyambe yakhala m'thumba.

Mnyamata wa pamsikayo sanakunamizeni dala. Njinga zimene amagwira tsiku ndi tsiku, za kabazazi, nza four-stroke, ndipo kumeneko utsi umaloza ku maling'i kapena mavavu. DT yanu ndi two-stroke. Ilibe mavavu oterowo, ndipo pansi pa pisitoni mulibe dziwe la oilo. Petulo wosakanikirana ndi mpweya akachoka mu kabuleta amayamba walowa pansi, mu crankcase, pisitoni ikamatsika imamukankha kudzera m'timabowo ta m'mbali mwa silinda kupita pamwamba, n'kukapsa. Choncho chipinda cha pansicho chiyenera kukhala chotsekeka, osalowa mpweya wakuba. Chimene chimatseka ndi timasili tiwiri ta labala, kamodzi mbali iliyonse ya crankshaft, shafuti imene pisitoni imazungulitsa. Labala akakhala zaka osagwira ntchito amauma. Mukadzachotsa kasili kakaleko mudzakapinde ndi zala: mlomo wake umene umayenera kukhala wofewa udzakhala wolimba, wong'aluka timizere, mwina kasipuling'i ka m'kati katachita dzimbiri.

Zizindikiro zimene mwalemba zikundiuza zambiri. Kukuwa yokha kuja ndi mpweya wakuba, ndipo kawirikawiri umalowera pa sili ya kumanzere, kuseri kwa magineto, kapena pa labala wolumikiza kabuleta ndi injini. Vuto limeneli ndi limene limapha ma two-stroke ambiri, chifukwa mpweya ukachuluka petulo n'kuchepa injini imatentha kwambiri, pisitoni n'kugwira. Mukaika pisitoni yatsopano pa injini yotero, nayonso idzagwira, mwina musanafike n'komwe pa boma pa Dedza. Utsi wambiri uja ukhoza kukhala sili ya kumanja, mbali ya kilatchi, imene ikatha injini imayamwa oilo wa m'giyabokisi n'kumamuwotcha. Ngati mukukumbuka bambo akuthirathira oilo m'giyabokisi koma pansi osaoneka podontha, ndi yomweyo. Kufooka pa chitunda kungakhale maling'i ndithu, komanso kungakhale ekizozi yodzadza mwaye.

Musanamasule nati iliyonse, tsukani injini yonse kunja ndi palafini ndi burashi, makamaka pamene silinda yakhalira ndi pansi pa tanki. Dothi limene mwalisiya kunja ndi limene lidzagwere m'kati mukatsegula. Gwirani ntchito pa simenti yosesa bwino kapena pa thebulo, osati pabwalo pamene mphepo ikuuluza fumbi. Ndipo lekani kupondaponda kiki ili youma: chotsani pulagi, donthezanimo pang'ono oilo wa 2T, uja wa injini za two-stroke, kenako muzungulitse.

Petulo wa m'tankimo tayani yense. Petulo wa kuno kwathu amasakaniza ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka madzi, ndiye tanki imene yagona zaka imakhala ndi dzimbiri pansi, kabuleta itamata zinthu zobiriwira. Muthiremo palafini ndi timanati todzadza dzanja, mukhutchumule kwa nthawi, mutsanule, mubwereze mpaka zotuluka ziyere.

Kenako masulani ekizozi, muunikire ndi tochi pa bowo limene utsi umatulukira. Apa mumaona pisitoni ndi maling'i musanatsegule kalikonse. Ngati m'mbali mwa pisitoni muli mosalala, motuwa bwino, ndipo mukakankha ling'i ndi kamtengo ikubwerera yokha, mwayi ulipo. Ngati pali mizere yoima yakuya, aluminiyamu atapakika pa maling'i mpaka kuwamata mumpata mwawo, inagwirapo kale. Chotsaninso chivundikiro cha kumanzere, mugwire fulayiwilo, gudumu lachitsulo la magineto, ndi manja awiri, muyese kuikweza ndi kuitsitsa. Siyenera kugwedera ngakhale pang'ono. Ikamachita khokhokho, mabering'i a crankshaft atha, ndipo ntchito yakula.

Pophwasula, jambulani ndi foni chilichonse musanachichotse. Masikuluwu a zivundikiro ndi otalika mosiyana, choncho jambulani chivundikirocho pa katoni, muziboola n'kubaya sikuluwu iliyonse pamalo pake. Masikuluwu a njinga za ku Japan mitu yawo siichedwa kufufutika ndi sikuludiraiva wamba. Bwerekani impact driver, uja womenya ndi hamala. Manati a hedi masulani pang'onopang'ono modumphitsa, injini itazizira. Silinda ikakana, imenyeni ndi chikhatho kapena chithabwa pamalo olimba, osati pa zipsepse zake zoziziritsira, zimathyoka. Ikangokwera pang'ono, tsekani kukamwa kwa crankcase ndi kansalu koyera musanakhudze ma circlip, timawaya togwira pini ya pisitoni. Kawaya kameneka kakagwera m'kati mudzang'amba injini yonse chifukwa cha iko.

Pisitoni itachoka, gwirani con rod, ndodo yolumikiza pisitoni ndi crankshaft, muikoke m'mwamba ndi kuikankha pansi. Kugwedera cham'mbali pang'ono n'kwabwinobwino, koma m'mwamba ndi pansi ayi.

Fulayiwilo imafuna puller yake, chida choizulira pa shafuti, ndipo ya Yamaha mazinga ake amalowa mozungulira kumanzere. Ndikupemphani ndithu, musalole munthu aliyense kuimenya ndi hamala kapena kuitema ndi chizulo. Ndaonapo crankshaft yabwinobwino itaphwanyika kumapeto chifukwa cha zimenezi, nati osalowanso, injini imene ikanalira sabata yomweyo n'kukhala yogulitsa zitsulo. Puller si yodula poyerekeza ndi crankshaft, ndipo amakaniko akale a njinga za alangizi amakhala nayo. Kakiyi kakang'ono kooneka ngati theka la mwezi kamene kali pa shafuti mukasunge pabwino, ndi kamene kamasunga nthawi ya moto. Ubwino wa DT ngwakuti masili onse awiri amatuluka cha kunja: wina kuseri kwa magineto, wina kuseri kwa giya imene imazungulitsa kilatchi. Asintheni onse, ngakhale akuoneka abwino, ndipo popachika atsopano pakani mlomo wake girizi pang'ono, muwalowetse mowongoka ndi soketi yofanana nawo kukula.

Kutsuka ndi kumene kumadya nthawi, ndipo nkoyenera. Mwaye wa pamutu pa pisitoni, mu hedi ndi pa bowo la ekizozi uvikeni m'palafini usiku wonse, mawa lake muupale ndi kachidutswa ka thabwa lolimba kapena ka kopa. Mpeni ndi sikuludiraiva zimakanda aluminiyamu. Mipata ya maling'i imayera bwino ndi chidutswa cha ling'i yakale. Ena amaviika zitsulo mu caustic soda. Ameneyu amadya aluminiyamu, ndiye asayandikire hedi, pisitoni kapena kabuleta. Ekizozi yokha, poti nja chitsulo, mungachotse kapaipi kake ka kumapeto n'kukawotcha pa makala panja mpaka mwaye usanduke phulusa, n'kukagogoda. Kabuleta muimasule yonse, majeti muwaviike, muwauzire, muwayang'anitse kudzuwa kuti muone kuwala kukudutsa. Kajeti kakang'ono ka siloo ndi kamene kamatsekeka pa njinga yogona, ndipo mwina ndi kamene kakuletsa yanuyo kulira. Musakatokose ndi singano, bowo likakula silibwereranso. Onaninso timasamba ta reed valve, tomwe tili pakati pa kabuleta ndi silinda, ngati tikutseka bwino, ndipo siponji ya fyuluta ya mpweya ngati ikufumbutuka gulani ina, muinyowetse ndi oilo n'kuifinya. Fumbi la mseu wa ku Bembeke m'chilimwe likalowa m'silinda limadya maling'i msanga.

Tsopano ndi pamene tingakambe za pisitoni. Silinda ya DT 125 ikamachoka ku fakitale imakhala 56 mm. Pukutani pamutu pa pisitoni yakaleyo: mukaona 25, 50, 75 kapena 100, ndiye kuti inabooledwapo kale kufika saizi imeneyo, chifukwa mapisitoni okulirapo amakwera ndi 0.25 mm. Tengani ling'i yatsopano ya saizi yomweyo, muilowetse m'silinda, muikankhe ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, muyeze mpata wa pakati pa nsonga zake ndi feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mipata. Uzikhala pakati pa 0.3 ndi 0.5 mm. Ukapitirira kwambiri, kapena chikhadabo chikamakodwa m'mizere ya m'silinda, ikufunika kuboola. Imeneyi si ntchito ya pakhomo. Ku Lilongwe, mtunda wa makilomita 85 kuchokera ku Dedza, kuli malo amene ali ndi makina ake. Mugule kaye pisitoni yokulirapoyo n'kupita nayo limodzi, chifukwa woboola amayezera pa pisitoni yeniyeniyo. Muwauzenso kuti ndi two-stroke, asalaze m'mphepete mwa timabowo ta m'silinda, apo ayi ling'i imakodwa n'kuthyoka. Ikabwera muitsuke ndi madzi ofunda a sopo, mupukute ndi nsalu yoyera mpaka nsaluyo isadenso, n'kuipaka oilo pompo isanachite dzimbiri.

Ngati fulayiwilo kapena con rod zinagwedera, crankcase iyenera kung'ambidwa pakati. Crankshaft imafuna makina opanikizira (press) ndi munthu wodziwa kuiwongola, ndiye itengereni komweko. Pomata magawo awiriwo palibe gasiketi, pamafunika guluu wake wa crankcase wopaka mopyapyala, osati silikoni wa mawindo.

Pomanga, chilichonse choyenda chipakidwe 2T. Kamuvi ka pamutu pa pisitoni kaloze ku ekizozi. Mumpata wa ling'i iliyonse muli kapini. Nsonga za ling'i zikumane pa kapiniko, ndipo silinda ikakana kutsika musaikakamize, ndiye kuti ling'i yakwera pa kapini. Ma circlip akhale atsopano, magasiketi atsopano, kabering'i ka pini nakonso. Manati a hedi mangani modumphitsa, pang'onopang'ono, mofanana.

Pali nkhani ina imene ndikufuna muimvetse bwino, ya pampu ya oilo imene Yamaha amaitcha Autolube. Anthu ambiri amaichotsa n'kumathira 2T m'tanki ya petulo, ati siidalirika. Ine ndimati ngati ikugwira ntchito isiyeni. Pampuyi imapereka oilo molingana ndi liwiro la injini komanso mmene mwakokera moto, ndipo imaperekabe pang'ono ngakhale mwasiyiratu kukoka. Ganizirani mseu wa Khwekhwerere, kutsika kuchokera pa Masasa kupita ku Golomoti. Munthu amatsika nthawi yaitali ali pa giya, osakoka moto, injini ikuthamanga. Njinga ya oilo wosakaniza m'tanki ikamatero imalandira petulo wochepa, ndiye kuti oilonso wochepa, pamene pisitoni ikuyenda mwaliwiro. Ngati pampu yanu inafa ndipo mwasankha kusakaniza, thirani 30 ml ya 2T pa lita iliyonse, muyeze ndi sirinji osati ndi maso, ndipo pamatsitso otere muzigwira kilatchi n'kukoka moto pafupipafupi. Ngati mwaisunga pampuyo, sinthani timapaipi take, mumasule kasikuluwu kotulutsira mpweya mpaka oilo atuluke wopanda thovu, muone kuti zizindikiro za pa kebulo yake zikukumana, ndipo tanki yoyamba ya petulo muthiremo 20 ml pa lita pamene mukuonetsetsa kuti oilo m'katanki kake akutsikadi. Oilo wa galimoto asalowe m'katanki kameneko. Wa m'giyabokisi ndi 10W-30.

Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wake ngwopepuka, choncho njinga imakonda kudetsa pulagi kuno. Ena amachepetsa jeti kuti ilire bwino. Chenjerani nazo ngati mumapita kunyanja, chifukwa ku Golomoti ndi ku Mtakataka mpweya ndi wochuluka, ndipo jeti imene inali bwino ku Bembeke kumeneko imakhala yaing'ono, injini n'kutentha. Kusintha pulagi yakuda n'kotchipa kuposa kuboolanso silinda. Pulagi ya injini yokhala bwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Ikayera mbuu, imani.

Ikalira koyamba, ilire mphindi zochepa, muizimitse, izizire, mubwereze kangapo, kenako muonenso manati a hedi. Makilomita 500 oyamba musanyamule matumba a mbatatesi kapena kuikoka mpaka kumapeto. M'mamawa wa June ndi July muziyamba mwaisiya itenthe, chifukwa pisitoni ya aluminiyamu imafufuma msanga kuposa silinda yozizira, ndipo imatha kugwira chifukwa cha chimenecho chokha.

Poyamba chitani ziwiri zija zosafuna ndalama: unikirani pa bowo la ekizozi, ndipo gwedezani fulayiwilo. Mundilembere zimene mwaona, pamodzi ndi nambala ya pamutu pa pisitoni mukadzatsegula, ndidzakuuzeni zoti mukagule ku Lilongwe pa ulendo umodzi.