Kwa achemwali a ku Domwe: therere, kabichi ndi m'mimba mwa bambo a kunyumba

Achemwali, mwafunsa zitsamba zoteteza m'mimba mwa bambo a kunyumba kwanu, amene mukuti pachifu pamawaotcha usiku komanso njala ikawagwira. Mwafunsanso ngati mugule botolo la mankhwala a masamba lomwe mwaliona pamsika wa Ulongwe. Ndiyankha zonse, koma chandidetsa nkhawa ndi chimene mwangochitchula modutsa, choti amamwa Brufen pafupifupi tsiku lililonse akaweruka ku fodya chifukwa cha msana.

Yambirani pamenepo. Mkati mwa chifu muli zinthu zonanda zimene zimakuta khoma lake kuti asidi wogaya chakudya asalipsereze. Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin amachepetsa chitetezo chimenechi, ndipo zimaipiratu munthu akamamwa wosadya. Zikatero asidi amatha kuyambitsa chilonda m'chifu, ndipo palibe tsamba limene lingapoletse chilondacho pamene mapiritsiwa akulowabe. Msana ukavuta amwe paracetamol pa mlingo wake, ndipo msanawo akaunene kuchipatala. Ngati aspirin anawalembera ndi adokotala chifukwa cha mtima, asasiye okha, akafunse kaye.

Choyambitsa china chachikulu cha zilonda za m'chifu ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, komwe ambiri timakatenga tili ana ndipo kamakhala m'chifu zaka zambiri. Madokotala awiri a ku Perth, Australia, a Barry Marshall ndi a Robin Warren, ndiwo anakatulukira mu 1982. Anzawo sanakhulupirire kuti kamadwalitsa chifu, mpaka a Marshall anamwa dala madzi a tizilomboto mu 1984, chifu chawo n'kutupa. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Ndatchula izi chifukwa kwathu kuno timangoti ndi maganizo kapena tsabola, pomwe nthendayi ili ndi mankhwala ochiziratu.

Za zomera tsopano. Sindizinyoza ayi, zina n'zothandiza ndithu. Therere ndimalikonda kuposa zonse. Ofufuza anaona mu labotale kuti kunanda kwake kuja kumalepheretsa kachilomboka kumatirira pa khoma la chifu. Sizikutanthauza kuti limachiza munthu, koma ndi ndiwo yofewa, yosavuta m'mimba, ndipo adye mosaopa. Kabichi nayenso ali ndi mbiri yake. Mu 1949 dokotala wina wa ku Stanford, America, a Garnett Cheney, ankamwetsa odwala 13 madzi ofinyidwa ku kabichi wamuwisi ndipo analemba kuti zilonda zinapola msanga. Anthu 13 ndi ochepa kwambiri, ndiponso nthawi imeneyo kachilombo kaja kanali kasanadziwike. Komabe kabichi ku Angonia ndi ku Tsangano ngosasowa, ndipo wotsuka bwino ndi madzi aukhondo sangawapweteke, kupatula mpweya m'mimba. Chammwamba ndi ufa wa nthochi zosapsa zinaonetsa kuteteza chifu, koma makamaka pa makoswe oyeserera. Zitengeni ngati chakudya basi. Aloe vera samalani naye: madzi achikasu owawa a pansi pa khungu lake amatsegula m'mimba kwambiri.

Botolo la pamsika lija lisiyeni, ndikukupemphani. Simukudziwa zomwe aikamo, mphamvu yake, kapena madzi amene anasungunulira. Zitsamba zina zikachuluka zimawononga chiwindi ndi impso mwakachetechete. Mametikali amenewo asungireni ulendo wa kuchipatala. Mkaka ndi soda nazonso zimangoziziritsa kwa kanthawi, kenako asidi amabwereranso.

Akapita kuchipatala anene zonse, za Brufen zomwe, ndipo afunse ngati angayezedwe kachilomboka. Njira imodzi ndi kuyeza chimbudzi. Kakapezeka, kawirikawiri amapereka omeprazole, wochepetsa asidi m'chifu, pamodzi ndi mitundu iwiri ya mankhwala opha tizilombo, monga amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, kwa masiku 14. Amalize onse ngakhale ululu utatha tsiku lachitatu. Ambiri amasiyira panjira, kachilombo n'kuzolowera mankhwala, kenako amati za kuchipatala sizithandiza. Musagule makapisozi awiri atatu pa benchi. Kachasu ndi chingambwe apumule, pakuti utsi wa fodya umachedwetsa kupola, ndipo mowa ndi metronidazole siziyenderana ngakhale pang'ono.

Koma achemwali, mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi kapena zakuda ngati nsenga za khofi, chizungulire ndi manja oyera, kapena ululu wadzidzidzi mimba n'kulimba gwa, musadikire kuti kuche. Chilonda chikutaya magazi kapena chaboola chifu. Pezani njinga yamoto kapena galimoto usiku womwewo mupite ku Hospital Rural de Ulónguè, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha ku Tete pitani. Ngati akuwonda popanda chifukwa kapena chakudya chikuwatsamwa pomeza, apite sabata ino yomwe, ngakhale fodya ali pachigafa.